KODI DZIKO LIDZATHA LITI?

Anzanga, nkhani imene ndifuna kukamba nanu m'magazini athu ano inayamba ndi kope la masamu. Mu Seputembala 2025 mbiri inabuka m'mafoni yakuti mlaliki wina wa ku South Africa waona masomphenya, ndi kuti Ambuye Yesu adzabwera kudzatenga anthu ake pa 23 kapena pa 24 mwezi womwewo. Mbiriyo sinachedwe kufika kwathu kuno. Amayi ogulitsa tomato pa msika wa Lirangwe analikuikamba, m'maminibasi a ku Chileka analikuikamba, ndipo tsiku lina pamene tinalikuwerenga patsinde pa mtengo wa mango, mnzathu wina anatseka kope lake, nafunsa kuti avutikirenji ndi mayeso amene sadzalemba. Tinamseka, koma kunena zoona ena a ife tinaseka ndi pakamwa pokha, mtima uli m'mwamba.

Masiku awiriwo anadza napita. Dzuwa linatuluka ndi kulowa monga mwa nthawi zonse, ndipo mnzathu uja anatsegulanso kope lake atataya sabata lathunthu. Koma funso lake linandikhala mumtima. Kodi Akhristu akhulupirira chiyani kwenikweni za kutha kwa dziko? Nanga nchifukwa ninji anthu a Buku limodzi anena zosiyana? Akulu anati safunsa anadya phula. Kotero ndinafunsa aphunzitsi athu a Baibulo ndi a mbiri yakale, ndinafunsa akuluakulu a kumudzi, ndinawerenganso mabuku a m'laibulale. Ine sindine mbusa iai, ndine wophunzira mnzanu. Ndipo sindilemba kuti ndichotse munthu mu mpingo wake, koma kuti tidziwe, tileke kunjenjemera ndi mphekesera iriyonse.

ZIMENE AKHRISTU AVOMEREZANA

Munthu akachoka pa bwalo la ndege la Chileka, nadzera pa Kameza ndi pa Lunzu kufikira ku Lirangwe, adzawerenga matchalitchi ambiri: a CCAP, a Katolika, a Anglican, a Seventh-day Adventist, a Zambezi Evangelical, a Pentekoste amitundumitundu, ndi Nyumba za Ufumu za Mboni za Yehova. Onsewa asiyana pa zambiri, komabe pali zinthu zinai zimene azigwira pamodzi, ngakhale azifotokoza mosiyana. Choyamba, kuti Yesu Khristu adzabweranso. Chachiwiri, kuti akufa adzauka. Chachitatu, kuti kudzakhala chiweruzo, pamene zobisika zidzaululidwa. Chachinai, kuti zoipa, misozi ndi imfa zidzatha, ndipo Mulungu adzakonza zonse zikhale zatsopano.

Zimenezi si za dzulo. Zinalembedwa m'chikhulupiriro chimene mabishopu anapangana pa msonkhano wa ku Nicaea m'chaka cha 325, nachiwonjezera ku Constantinople mu 381, ndipo mipingo yambiri ichinenabe pa mapemphero a Lamulungu. Anzathu Achisilamu amene tikhala nawo m'kalasi limodzi ayembekezanso tsiku la Kiyama, ndipo akhulupirira kuti mneneri Isa, ndiye Yesu, adzabwera lisanafike tsikulo.

Makolo athu akale sanali kuganizira kwambiri za tsiku lotsiriza la dziko lonse. Iwo anadziwa kuti kuli Chauta, Namalenga, ndi kuti munthu akafa satheratu, koma akhala mzimu woyang'anira mbumba yake. Nthawi anaiona ngati yozungulira: dzinja, masika, chilimwe, ndi dzinja linanso. Tsono mau akuti dziko liri pa ulendo, ndi kuti ulendowo uli ndi mathero ake, anali achilendo ndithu pamene amishoni a ku Scotland anamanga misasa yawo ku Blantyre mu 1876.

KUMENE CHIPHUNZITSOCHI CHICHOKERA

Malo a m'Baibulo amene anena kwambiri za masiku otsiriza ndi awa: buku la Danieli, Mateyu 24 ndi 25, Marko 13, Luka 21, 1 Akorinto 15, makalata awiri a kwa Atesalonika, ndi Chivumbulutso. Chinthu chimene aphunzitsi athu anandiuza, chimene sindinachidziwe kale, ndi ichi: ambiri a mau amenewa analembedwera anthu amene anali m'masautso. Chivumbulutso chinalembedwa pa chilumba cha Patmos, cha m'ma 95 monga ophunzira ambiri awerengera, ndipo chinatumizidwa kwa mipingo 7 ya m'dziko limene lero titcha Turkey. Akhristu a kumeneko analikukakamizidwa kulemekeza mfumu ya Roma ngati mulungu. Bukulo linawauza kuti alimbe mtima, pakuti ufumu wankhanza suli wamuyaya.

Mabuku otere alankhula m'mafanizo. Ife Amalawi sitiyenera kudabwa ndi zimenezi. Agogo akamakamba nthano ya kalulu ndi njovu, mwana wanzeru adziwa kuti akunena za munthu wamng'ono wochenjera ndi munthu wamkulu wodzikuza. Chomwechonso zilombo za nyanga zambiri za m'Danieli ndi m'Chivumbulutso ziimira maufumu ndi mafumu. Taonani nambala ija 666 imene ambiri tiiopa. Kale Ahebri ndi Agriki analibe zizindikiro za manambala monga zathuzi, koma anawerengera ndi malemba a alifabeti, kotero kuti dzina lirilonse linali ndi chiwerengero chake. Dzina la Nero Kaisara, amene analamulira Roma kuyambira 54 kufikira 68 napha Akhristu ambiri, likalembedwa m'malemba a Chihebri lipereka 666. Chifukwa chake ophunzira ambiri ati Akhristu oyambawo anaona Nero m'nambalayo, pamene Akhristu ena ati chilombocho chiri m'tsogolobe. Ndipo Armagedo ndi dzina lochokera ku Megiddo, malo enieni a m'dziko la Israel kumene nkhondo zambiri zinamenyedwa kale.

Tizikumbukiranso kuti pa Mateyu 24 Yesu analikuyankha mafunso awiri pamodzi, la kugwa kwa Kachisi wa ku Yerusalemu ndi la mathedwe a nthawi. Kachisiyo anagwadi m'chaka cha 70, pamene ankhondo a Roma otsogozedwa ndi Titus anaphwasula mzindawo. Tsono ntchito ya wowerenga ndiyo kusiyanitsa zimene zinachitika kale ndi zimene zirinkudza, ndipo pamenepa ndi pamene mikangano iyambira.

ZAKA 1,000 NDI NJIRA ZITATU

Chivumbulutso 20 chitchula zaka 1,000 za kulamulira kwa Khristu pamodzi ndi oyera ake, Satana ali womangidwa. Apa njira zipatukana patatu.

A njira yoyamba ati Khristu adzayamba wabwera, ndipo pambuyo pake padzatsata zaka 1,000 zenizeni. Iwo ayembekeza kuti dziko lidzanka liipiraipira kufikira tsikulo. Aphunzitsi ena akalekale, monga Justin Martyr ndi Irenaeus, anaganiza chomwecho. A Seventh-day Adventist ali pa njira imeneyi, koma ati zaka 1,000 zimenezo opulumuka adzakhala kumwamba, dziko liri bwinja, ndipo zitatha mzinda woyera udzatsika. Mboni za Yehova ziti Armagedo itapita, dziko lomwe lino lidzakonzedwa m'zaka 1,000 kukhala paradaiso wa anthu omvera, ndi kuti anthu 144,000 okha ndiwo adzalamulira ndi Khristu kumwamba.

A njira yachiwiri ati Uthenga Wabwino udzafalikira pang'onopang'ono monga chofufumitsa mu ufa, kufikira dziko lidzakhala ndi nthawi yaitali ya mtendere, ndipo Khristu adzabwera pa mapeto ake. Amishoni ambiri a zaka za m'ma 1800 anali ndi chiyembekezo chotere. Poona ukapolo ukutha, masukulu ndi zipatala zikumangidwa, anati Ufumu uli kukula. Koma nkhondo ziwiri zazikulu, ya 1914 ndi ya 1939, pamene maiko odzitcha Achikhristu anaphana okhaokha, zinafooketsa kwambiri maganizo amenewa.

A njira yachitatu ati nambala 1,000 ndi fanizo chabe, lotanthauza nthawi yonse ya Mpingo kuyambira kuuka kwa Yesu kufikira kubweranso kwake. Amene analimbikitsa maganizo awa ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Inde, anali munthu wa mu Africa muno. M'chaka cha 410 mzinda wa Roma unafunkhidwa ndi adani, ndipo anthu ambiri analira kuti dziko latha. Augustine anawayankha kuti mizinda ya anthu igwa, koma mzinda wa Mulungu sugwa. Akatolika, ndi ambiri a Anglican ndi a mipingo ya Chipresbiteriyo monga CCAP, atsata njira imeneyi.

Nanga mkwatulo, umene unationetsa mantha chaka chija? Mau akuti okhulupirira adzatengedwa kukakomana ndi Ambuye ali pa 1 Atesalonika 4, ndipo Akhristu a zaka mazana ambiri anawamva kuti anena za tsiku lomwelo la kubwera kotsiriza. Koma cha m'ma 1830 mlaliki wina wa ku Britain, John Nelson Darby, anaphunzitsa kuti kubwerako kuli pawiri: poyamba Yesu adzakwatula Mpingo mwadzidzidzi, padzatsata zaka 7 za chisautso chachikulu pansi pa Wokana Khristu, ndipo pamenepo adzaoneka poyera. Chiphunzitsochi chinafala ku America ndi Baibulo la ndemanga la C. I. Scofield la 1909, ndipo kwathu kuno chamveka kwambiri ndi alaliki a Pentekoste, mawailesi ndi mafilimu. Mipingo ina ichilandira, ina ichikana.

Palinso kusiyana pa funso lakuti akufa ali kuti tsopano. A CCAP ndi ena ambiri ati mzimu wa wokhulupirira upita kwa Ambuye pomwepo, thupi lidikira kuuka. Akatolika awonjeza kuti ena ayamba ayeretsedwa ku Puligatoriyo, chifukwa chake apempherera akufa. A Seventh-day Adventist ndi Mboni ati akufa ali m'tulo osadziwa kanthu kufikira tsiku la kuuka, ndi kuti oipa adzafafanizidwa, osati kuzunzika kosatha. Mukadzamva maulaliki osiyana pa maliro a kumudzi, chifukwa chake nchimenechi.

NKHANIYI M'DZIKO LATHU

Tikakhala pa Chileka ndi kuyang'ana kumwera tiona phiri la Michiru. Pafupi ndi phiri limenelo, pa Mitsidi, Mngelezi wina dzina lake Joseph Booth anayamba mishoni ya Zambezi Industrial mu 1892. Munthu ameneyu sanali wokhazikika pa mpingo umodzi, ndipo mitsinje iwiri ya chiphunzitso cha masiku otsiriza inalowa m'dziko muno kudzera mwa iye.

Mtsinje woyamba unachokera kwa William Miller, mlimi wa ku New York ku America. Iye anawerenga za masiku 2,300 a pa Danieli 8, nayesa tsiku limodzi chaka chimodzi, ndipo otsatira ake anatsimikiza kuti Yesu adzabwera pa 22 Okutobala 1844. Anthu zikwi zambiri anadikira, ena atasiya mbeu zawo m'munda osakolola. Kunacha, ndipo analira kwambiri. Ambiri anabalalika, koma kagulu kena kanati chakacho chinali choona, chimene chinalakwika ndi tanthauzo lake, pakuti 1844 inali chiyambi cha ntchito ya chiweruzo kumwamba. Mwa iwo munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikitsidwa mu 1863. Anaphunzirapo kanthu, pakuti mpingowo sutchulanso tsiku. Mu 1902 anagula malo a mishoni amene Booth anayamba ku Thyolo, ndiwo a Malamulo a lero, ndipo mu 1908 anatsegula Matandani ku Neno. Chodabwitsa nchakuti anthu oyembekeza kwambiri kubwera kwa Ambuye ndi omwewo anamanga chipatala chachikulu ndi masukulu. Kuyembekeza sikunawaletse kuumba njerwa.

Mtsinje wachiwiri unachokera kwa Charles Taze Russell wa gulu la Watch Tower, amene anawerengera kuti maufumu a dziko adzatha mu Okutobala 1914. Booth analandira chiphunzitsochi, nachiphunzitsa ku Cape Town kwa mnyamata wina wa Chitonga, Elliot Kamwana, amene anaphunzirapo ku Bandawe ndi ku Livingstonia. Kamwana anabwerera ku Nkhata Bay mu 1908, nalalikira kuti nthawi yatsopano yayandikira, pamene sikudzakhalanso msonkho. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la Atsamunda linachita mantha, linamgwira mu 1909 ndi kumchotsa kwawo. Pambuyo pake anamtumiza ku zilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo analoledwa kubwerera mu 1937. Anamwalira mu 1956.

Tifunse, anzanga, chinawakoka nchiyani anthu onsewo? Msonkho wa nyumba unali kuwalemera. Anyamata analikupita ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni, midzi nkutsala ya akazi ndi nkhalamba. Ku mishoni munthu analikudikira zaka m'kalasi asanabatizidwe, pamene Kamwana anabatiza msanga. Munthu wosenza katundu wolemera akamva kuti mawa adzatula, sachedwa kukhulupirira.

Ndipo 1914 itafika kunadzadi zoopsa. Nkhondo inabuka ku Ulaya mu Ogasiti, ndipo pa 9 Seputembala Angelezi ndi Ajeremani anamenyana pa Karonga. Amuna a m'dziko muno pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala asilikali ndi amtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Pakati pa anthu amene anatsata John Chilembwe, yemwe kale anali wantchito wa Booth, pa kuukira kwa pa 23 Januwale 1915, panali ena okhulupirira kuti masiku otsiriza afika. Ngakhale zimene zinamwawa Chilembwe zinali thangata, kutenthedwa kwa matchalitchi ake ndi kufa kwa anthu akuda pa nkhondo ya eni. Mu 1918 kunadzanso chimfine chimene chinapha anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lonse. Komabe dziko silinathe. Otsatira a Russell, amene anatenga dzina la Mboni za Yehova mu 1931, aphunzitsa kuti mu 1914 Khristu anayamba kulamulira kumwamba mosaoneka ndi maso. Chifukwa choyembekeza Ufumu umenewo iwo salowa ndale. Ndipo pokana kugula makadi a chipani analetsedwa m'Malawi mu 1967, nazunzidwa kwambiri, ambiri nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, kufikira chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ngakhale amene sagwirizana nawo pa chiphunzitso ayenera kuvomera kuti kuzunza munthu chifukwa cha chikhulupiriro chake ndi chinthu choipa.

NANGA ZIZINDIKIRO?

Wina adzati, kodi nkhondo, njala, miliri ndi zivomezi siziri kuchitika? Inde ziri kuchitika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri, matope nakwirira nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa Soche, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mu 2020 Covid-19 inatseketsa masukulu, ndipo katemera atabwera mu 2021 ena anamkana, nati ndiye chizindikiro cha chilombo. Munthu woona zotere sitingamseke akafunsa ngati mathedwe afika.

Koma mbadwo uliwonse unaona zake. Pakati pa 1347 ndi 1351 mliri unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, ndipo otsala anati ndiwo mapeto. Agogo anga aakazi, amene anabadwira ku Lirangwe, anali kamtsikana pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma lino la Blantyre. Akamba kuti mvula inadula anthu atabzala kale, chimanga nkupserera m'munda. Anthu anakumba mizu ya m'tchire, amuna anapita ku Ntcheu ndi ku Neno kukasuma, ndipo ena sanabwerere kwa akazi awo. Ati masiku amenewo ambiri ananena kuti Mulungu watseka kumwamba ndi kuti dziko latha. Koma agogo amatsiriza nkhaniyo ndi mau amodzi nthawi zonse: kuti mvula itabweranso, amene anakolola ndi aja anaumira mtima nasunga mbeu pa tsindwi, njala iri kuwawa.

Tikawerenga bwino Mateyu 24 tipeza kuti Yesu mwini anachenjeza ophunzira ake kuti asatekeseke ndi mbiri za nkhondo, ndi kuti adzauka onyenga ambiri olankhula m'dzina lake. Ananenanso poyera kuti nthawi yeniyeni ndi chinsinsi cha Atate, chobisika ngakhale kwa angelo. Ndipo pa Machitidwe 1 anakana kuwauza pamene anamfunsanso. Akhristu ambiri amva zizindikirozo ngati belu lotikumbutsa kukhala maso, osati ngati kalendala yopachika pa khoma.

KUOPSA KWA OTCHULA TSIKU

Kulakwa kwa kuwerengera masiku sikuthera pa manyazi pokha. Mu 1925 munthu wa m'dziko lathu, Tomo Nyirenda, anadzitcha Mwana Lesa pakati pa Alala a ku Zambia. Analalikira kuti midzi iyeretsedwe tsiku lalikulu lisanadze, namiza m'madzi anthu ambiri amene anawatcha mfiti, kufikira anagwidwa ndi kupachikidwa mu 1926. Ku Kanungu m'dziko la Uganda atsogoleri a gulu lina anauza anthu kuti dziko lidzatha ndi chaka cha 1999, anthuwo napereka chuma chawo. Silinathe, ndipo pa 17 Malichi 2000 mazana a anthu anatenthedwa m'nyumba yopemphereramo, mitembo ina nipezeka m'maenje, onse pamodzi oposa 700. Ku America mlaliki wa pa wailesi, Harold Camping, anatchula 21 Meyi 2011, ndipo ena anagulitsa katundu wawo kuti alipirire zikwangwani zochenjeza anthu. Chaka chotsatira anavomera kuti analakwa, koma chuma cha anthu chinali chitapita. Mu 2023 m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kusala kudya kufikira imfa kuti akakomane ndi Yesu, ndipo ambiri anali ana. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

TSONO TICHITE CHIYANI?

Funso la mnzathu wa kope la masamu si latsopano. Ku Tesalonika kunali Akhristu ena amene analeka ntchito, namangoyendayenda m'makomo a anzawo. Paulo m'kalata yake yachiwiri anawadzudzula kolimba, nawauza kuti mlesi asayembekezere nsima ya anzake, ndipo anawakumbutsa kuti iye mwini analikugwira ntchito ndi manja ake pamene anali nawo. Mafanizo atatu a pa Mateyu 25 anena chimodzimodzi. Anamwali anzeru ndi amene anakonzekera kuti mkwati angachedwe. Wantchito wotamandidwa ndi amene anachulukitsa ndalama za mbuye wake, ndipo wodzudzulidwa ndi amene anakwirira yake pansi chifukwa cha mantha. Pa chiweruzo cha nkhosa ndi mbuzi funso siliri lakuti ndani anadziwa chaka, koma ndani anadyetsa wanjala, anaveka wausiwa, nachezera wodwala ndi wam'ndende. Nzeru zimene tiri nazo ndi fizi imene makolo athu alipira pogulitsa nandolo ndi mbuzi ndizo ndalama zathu za m'fanizolo; kutseka kope ndiko kuzikwirira.

Aphunzitsi athu a sayansi ati dzuwa lakhala zaka mamiliyoni 4,600, ndipo mwa kuwerengera kwa akatswiri lingathe kuyakabe zaka mamiliyoni ena 5,000. Sayansi siingathe kunena za tsiku la Mulungu, pakuti silionedwa ndi makina. Koma itichenjeza za mathedwe ena amene munthu adzipangira yekha. Mabomba awiri okha anafafaniza Hiroshima ndi Nagasaki mu Ogasiti 1945. Ndipo sitifunika kupita kutali. Tayang'anani Michiru, muone m'mene nkhwangwa ndi mauvuni a makala zadyera mitengo yake. Tayang'anani Likhubula ndi Lirangwe m'mene zisefukira ndi matope pa dzinja ndi kuphwa msanga pa chilimwe. Munthu wonena kuti tidule mitengo yonse popeza dziko lirinkutha afanana ndi mlonda wotentha nyumba chifukwa wamva kuti mwini wake ali pa njira. Ngati dziko ndi la Mulungu, tidzafunsidwa m'mene talisungira.

Chifukwa chake, anzanga, ndikusiyirani malangizo atatu. Loyamba: mukamva munthu akutchula tsiku, mwezi kapena chaka, kumbukirani 1844, 1914, 2011 ndi 2025, ndipo musatumize uthengawo kwa ena pa foni musanafunse abusa, ansembe kapena aphunzitsi anu. Lachiwiri: munthu akakuuzani kuti chifukwa cha masiku otsiriza musiye sukulu, musiye mankhwala, musiye kudya, mupereke chuma chonse kapena mudane ndi abale anu, mthaweni, ndipo mukauze akuluakulu tsiku lomwelo. Lachitatu: tisanyozane. Pa sukulu pano pali opembedza Loweruka, a Lamulungu ndi a Lachisanu, ndipo tidyera m'mbale imodzi. Tingathe kutsutsana za zaka 1,000 madzulo onse, koma belu la chakudya likalira tipite pamodzi ngati abale.

Kwa Akhristu oyamba, kubweranso kwa Ambuye sikunali chinthu choopsezera ana iai. Kunali chitonthozo cha ofedwa ndi cha oponderezedwa, chakuti chosalungama sichidzapambana nthawi zonse. Tsiku lake sitilidziwa, ndipo ngakhale tsiku la munthu aliyense payekha labisika; akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Amene ali wokonzeka lero saopa mawa. Mnzathu uja masiku ano ndiye ayamba kufika m'kalasi la kuwerenga kwa madzulo, ndipo tikamkumbutsa za Seputembala angoseka, natsegula kope lake.

Wophunzira wa mu Fomu 4